Kavani kakang'ono ndi MOT, yankho kwa achimwene a ku Leicester

Achimwene ena anditumizira imelo kuchokera ku Leicester ku England, akufuna kugula kavani koti azipangira geni yoperekera katundu m'makomo, ndiye akufunsa kuti pakati pa Berlingo, Transit Connect ndi Caddy ndi iti yomwe siivuta pa MOT (kuyezetsa galimoto ku UK kuti aone ngati ili yoyenera kuyenda pamsewu), poti amva kuti mavani amalephera kwambiri kuposa magalimoto wamba.

Zomwe mwamvazo nzoona achimwene, koma vuto si dzina la kampani kwenikweni. Berlingo, Peugeot Partner ndi Vauxhall Combo zaposachedwazi ndi galimoto imodzi yomweyo, angosintha baji. Chimene chimapha vani ndi ntchito. Tsiku lonse kuima kunyamuka, kukwera mphepete mwa msewu ndi tayala limodzi kuti mutsitse phukusi, katundu mpaka kudenga, woyendetsa naye si mwini wake ndiye bola yayenda basi. Ikafika ku garaja mupeza babu yakumbuyo inapsa kalekale, tayala latha mkati mokha kunja likuoneka bwinobwino (malamulo amafuna 1.6mm), sipulingi yathyoka, mabuleki akugwira mbali imodzi. Zambiri ndi zoti munthu akanaziona yekha Loweruka m'mawa atangozungulira galimoto, wina ataponda buleki iye akuyang'ana kumbuyo.

Pa dizilo ndiye chenjerani. Kuyambira mu May 2018 malamulo anakhwima, galimoto yomwe ili ndi DPF (fyuluta yosefa mwaye mu utsi wa dizilo) ikatulutsa utsi wooneka yalephera pomwepo, akapezanso kuti fyuluta ija wina anaichotsa kapena kuiboola ndi chimodzimodzi. Ndipo maulendo afupiafupi amutauni, injini osatentha mokwanira, ndi amene amatseka DPF. Wogulitsa akakuuzani monyadira kuti anachotsa ndiye ikuthamanga bwino, thawani.

Musanapereke ndalama tengani nambala ya galimotoyo mulowe pa GOV.UK, webusaiti ya boma la UK, mbiri ya MOT ndi yaulere, ikuonetsani chaka chilichonse mamailo anali angati, inalephera pa chani, komanso ma advisory (mavuto omwe woyeza anaona nkulemba koma sanalepheretse galimoto). Ineyo ndimayamba ma advisory amenewa, chifukwa mukaona dzimbiri pansi kapena mafuta akudontha zikulembedwa chaka ndi chaka osakonzedwa, mwadziwa kale kuti mwini wake anali wotani. Mamailo akabwerera m'mbuyo, musavutike nkupita kukaiona.

Mavani onse mwatchulawa ali m'gulu la MOT lotchedwa class 4 ngati galimoto wamba poti sapitirira makilogalamu 3,000, garaja siingakulipitseni kuposa £54.85, ambiri amatsitsa. MOT yoyamba imachitika galimoto ikakwanitsa zaka zitatu, kenako chaka ndi chaka, ndipo mutha kukayezetsa mwezi umodzi kuchotsapo tsiku isanathe deti yanu osasintha. Kuyenda nayo MOT itatha faindi imafika £1,000.

Funso lanu lija, ine ndingatenge Berlingo kapena Partner chifukwa masipeya ake savuta kupeza, Caddy ndi yabwino koma mtengo wake umaluma.