Mendy sanangochita mwayi, achimwene

Achimwene, mwafunsa kuti kodi Édouard Mendy anali goloboyi wabwinodi kapena ankangobisala kumbuyo kwa otchinga a mphunzitsi Tuchel ku Chelsea chaka chimodzi chija, komanso kuti anazimirira kuti masiku ano. Ndaona anthu akukuyankhani ndi kakanema ka chigoli cha Benzema wa Real Madrid basi, ngati kuti mpira wonse wa mkuluyu unathera pamenepo. Ndiloleni nditalikitseko pang'ono.

Yambani mwaona komwe anachokera. Anabadwa mu 1992 ku Montivilliers, pafupi ndi Le Havre ku France, mayi ake a ku Senegal, bambo ake a ku Guinea-Bissau. Ku akademi ya Le Havre sanamuwerengere, moti anakathera ku Cherbourg, katimu ka m'magawo a m'munsi. Kontirakiti itatha mu 2014, ejenti anamulonjeza kuti amupezera timu ku England. Mnyamata anadikira, foni osalira, akaimba yekha osayankhidwa, mpaka msika wogula osewera unatsekedwa. Paja fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ngwamphepo. Ali ndi zaka 22 anakalembetsa ku ofesi ya anthu osowa ntchito, nakhala chaka chathunthu alibe timu, akungochita nawo matirening'i ku Le Havre osalandira kanthu. Anatsala pang'ono kusiyiratu mpira nkukagulitsa zovala m'sitolo. Pa msinkhu womwewo Donnarumma anali atasewera kale magemu mazanamazana ku AC Milan ndiponso atanyamula chikho cha Euro.

Mu 2015 mnzake wina wakale anamulankhulira ku Marseille. Anamutengadi, koma ngati goloboyi wachinayi, wosewera mu timu yachiwiri. Chaka chotsatira anapita ku Reims, mu Ligue 2, ligi yachiwiri ya ku France, kukakhala pa benchi kumbuyo kwa Johann Carrasso. Gemu yoyamba yeniyeni, mphindi zochepa mpira utayamba, Carrasso anapatsidwa kadi yofiira, Mendy nkuvala magolovesi. Sizoni ya 2017/18 golo inali yake ndipo Reims inatenga ligiyo nkukwera. Mu Ligue 1 anasewera magemu onse 38, timu yongokwera kumene nkuthera pa nambala 8. Rennes inamugula mu 2019, ndipo sizoni yomwe inadulidwa ndi Covid ija inathera pa nambala 3, nkulowa mu Champions League koyamba chikhalire. Ndiye mukamanena za mwayi, werengani bwino: Reims inakwera naye, Rennes inafika naye komwe inali isanafikeko, ndipo konseko kunalibe Thiago Silva kapena Rüdiger wa Chelsea womutchingira.

Ku Chelsea anabwera mu September 2020, nthawi ya mphunzitsi Lampard, pa mtengo wa mapaundi pafupifupi 22 miliyoni. Amene anamuloza ndi Petr Čech, goloboyi wakale wa timuyi, yemwenso anafika ku Chelsea kuchokera ku Rennes komweko mu 2004. Kumbukirani kuti pagolo panali Kepa, wogulidwa mapaundi oposa 71 miliyoni, ndalama yomwe inali isanaperekedwepo pa goloboyi aliyense, koma manja ali ngati sefa nthawi imeneyo. Munthu wa ku ofesi ya malova uja anamukhazika pa benchi.

Tsono apa ndi pomwe mfundo yanu ili ndi mutu, sindikana. Tuchel atabwera mu January 2021 anaika anthu atatu kumbuyo, Kanté akusesa kutsogolo kwawo, ndipo magemu ena Mendy ankatuluka jezi isanade. Ngakhale mu fainolo ya Champions League ku Porto pa 29 May 2021, Manchester City inalunjikitsa pagolo mpira umodzi wokha. Koma bwererani ku semifainolo yachiwiri ndi Real Madrid pa Stamford Bridge. Benzema anatembenuka kunja kwa bokosi nkumenya mpira wokhota wolowera mmunsi mwa mtengo, Mendy anautambasukira ndi dzanja limodzi. Pasanathe nthawi Benzema yemweyo anamenya ndi mutu ali yekhayekha, Mendy nkuukankhira pamwamba. Umodzi mwa iwiriyo ukanalowa, za ku Porto sitikanazikamba. Mu mpikisano wonsewo anasewera magemu 12, asanu ndi anayi osagoletsetsa, zigoli zitatu zokha ndi zomwe zinamudutsa. Ndipo goloboyi wa timu yolamulira mpira ntchito yake ndi yowawa mwa mtundu wina: umakhala mphindi 40 ukungozizidwa, kenako ubwere mpira umodzi woti usauphonye.

Ngati mukufuna gemu yoti otchinga anamuthawa, onerani ya Brentford mu October 2021. Chelsea inapambana 1-0, koma mphindi 20 zomaliza kunali kugumukira kwenikweni. Anatchinga ndi manja, ndi miyendo, wina ndi nkhope, ndipo chakumapeto Nørgaard atamenya chogadama, Mendy anaukhudza ndi nsonga za zala nkukagunda mtengo wapamwamba. Ine tsiku limenelo ndinasiya kutsutsana ndi anthu za iyeyu.

Chaka chimenecho UEFA inamusankha goloboyi wopambana wa Champions League, FIFA nayo nkumupatsa mphoto ya goloboyi wopambana padziko lonse wa 2021, Mwafrika woyamba kuilandira. Koma pa mndandanda wa anthu 30 a Ballon d'Or dzina lake panalibe, ndipo Yashin Trophy, mphoto ina ya magoloboyi, inapita kwa Donnarumma, iye wachiwiri. Za izo aliyense ali ndi maganizo ake, anga mukuwadziwa kale.

Za ku Senegal ndi zomwe anthu a Premier League amadumpha. Poyamba anaitanidwa ndi Guinea-Bissau mu 2016, kwawo kwa bambo ake, koma sanasewere gemu yoti nkumumanga, ndipo anasankha Senegal. Gemu yoyamba anasewera mu November 2018 ndi Equatorial Guinea. Ku AFCON, chikho cha mayiko a mu Africa, ya 2019 ku Egypt anayamba ali nambala wani, kenako chala chinathyoka akutenthetsa thupi gemu ya Kenya isanayambe. Alfred Gomis ndiye anamaliza mpikisanowo, Senegal nkuluza fainolo 1-0 kwa Algeria.

Ya ku Cameroon, kumayambiriro kwa 2022, inayambanso moipa. Anapezeka ndi Covid, magemu a Zimbabwe ndi Guinea anagwira ndi Seny Dieng. Mukudziwa gemu yomwe anabwerera? Ya Flames, ku Bafoussam, pa 18 January, ija inathera 0-0 ija. Woyimbira analoza penate Gomezgani Chirwa atagwa m'bokosi, tonse titaimirira kale, kenako anapita kukaonera pa VAR nkusintha maganizo. Mpaka lero ndimalakalaka ndikanaona penate imeneyo ikumenyedwa, chifukwa pa nthawiyo mbiri ya Mendy pa mapenate sinali yoopsa. Kuchokera pamenepo anagoletsetsa zigoli ziwiri zokha, cha Equatorial Guinea ndi cha Burkina Faso, mpaka kufika mu fainolo ndi Egypt ku Yaoundé pa 6 February. Mané anaphonya penate koyambirira, goloboyi wa Egypt Gabaski ataigwira, ndipo mphindi 120 zinatha opanda chigoli. Pa mapenate Abdelmonem wa Egypt anamenya mtengo, ya Bouna Sarr wa Senegal inagwidwa, zinthu nkufanananso. Kenako Lasheen anabwera, Mendy anagwera kumanja kwake nkuubweza. Mané anamaliza, 4-2, Salah asanamenye nkomwe. Chikho choyamba cha Senegal mu mbiri yawo, ndipo Mendy anasankhidwa goloboyi wopambana wa mpikisanowo. Patangopita masiku asanu ndi limodzi anali pagolo ku Abu Dhabi, Chelsea ikugonjetsa Palmeiras 2-1 pa chikho cha makalabu a dziko lonse. Mwezi wotsatira anagwiranso penate ya Mostafa Mohamed wa Egypt, usiku wa tinyali tobiriwira tija ankawalitsa kumaso kwa Salah, Senegal nkupita ku World Cup.

Chodabwitsa nchakuti munthu wogwira mapenate a fainolo ya Africa, ku Chelsea ankamutulutsa nthawi ya mapenate ikakwana. Pa Super Cup ndi Villarreal ku Belfast zinayenda, Kepa analowa nkugwira awiri. Pa fainolo ya League Cup ndi Liverpool mu February 2022 Tuchel anabwerezanso, ngakhale Mendy anali atachita zodabwitsa gemu yonse, makamaka pomwe anabweza shoti ya Keïta nkudzukanso kutchinga ya Mané ali pafupi penipeni. Kepa analowa, sanagwire ngakhale imodzi mwa 11, yake nkuimenyera kumwamba.

Nanga zinasokonekera pati? Pa mapazi. Apa sindimuikira kumbuyo. Mendy ndi wamtali, manja aatali, amadziwa poima, ndipo munthu akabwera yekha amamutsekera golo yonse. Koma mpira ukakhala kuphazi wina akumuthamangira, mtima wako wosapota umakhala m'mwamba. Mu April 2022, Real Madrid itabweranso pa Stamford Bridge, anatuluka kutali ndi golo, nkupatsira Rüdiger kampira kofooka, Benzema nkungotola kumaliza chigoli chake chachitatu. Ndi kakanema komwe mwatumiziridwa kaja. Mu August ku Leeds anafuna kumupinda Brenden Aaronson pakhomo pa golo penipeni, analandidwa, Chelsea nkudya 3-0. Graham Potter atabwera anabwezera Kepa pagolo, Mendy akulimbana ndi bondo. Ku Qatar gemu ya Netherlands inamuipiranso: anatulukira kolosi mochedwa Gakpo nkumutsogolera ndi mutu, kenako anabweza shoti ya Depay pamapazi pa Klaassen. Senegal inadutsabe gulu itagonjetsa Qatar ndi Ecuador, England nkuitulutsa 3-0. Atabwerera chala chinathyokanso, opaleshoni mu January 2023, nkukhala kunja miyezi ingapo.

Maganizo anga ndi akuti mpira wa masiku ano unamupeza atakula kale. Anzake monga Ederson ndi Onana anaphunzitsidwa kusewera ndi mapazi ali ana, ku Benfica, ku Barcelona, ku Ajax. Iyeyu zaka zimenezo anali m'matimu a m'munsi, komwe goloboyi akaupeza amangoutaya kutsogolo. Komabe ngakhale apa anthu amakokomeza. Chigoli cha Havertz chomwe chinapambanitsa Chelsea ku Porto chinayambira pa phazi la ndani? Mendy anaunyamulira Chilwell kumanzere, Chilwell kwa Mount, Mount nkuulowetsa pakati. Chimenecho palibe akukutumizirani. Goloboyi akalakwitsa palibe wina kumbuyo kwake woti akonze, ndiye zolakwa zake ziwiri zimamveka kuposa za womwetsa zigoli amene waphonya khumi.

Zoti anazimirira kuti, ali ku Saudi Arabia. Anapita ku Al-Ahli ya ku Jeddah mu June 2023, komwe anakumana ndi Mahrez, Firmino ndi Kessié. Mukhoza kunena kuti anatsata ndalama, ndipo munthu amene anakhalapo chaka chathunthu osalandira ine sindingamuweruze pa zimenezo. Koma sanapite kukagona. Mu May 2025 Al-Ahli inagonjetsa Kawasaki Frontale ya ku Japan 2-0 nkutenga Champions League ya ku Asia koyamba, iye ali pagolo, kutanthauza kuti ali ndi chikho chachikulu cha makalabu ku Ulaya ndi ku Asia komwe. Ku Senegal nako jezi sanalandidwe. Ndi iye anali pagolo pa AFCON ya ku Ivory Coast mu January 2024, pomwe eni bwalo anawatulutsa pa mapenate.

Mukandifunsa ngati ndingamuike pamwamba pa Alisson kapena Courtois, ayi, awo akhala pamwamba zaka zambiri ndipo alibe chilema choonekera ngati chakechi. Koma kuyambira September 2020 mpaka March 2022, miyezi 18 imeneyo, ndipatseni dzina la goloboyi amene anamuposa, tikambirane. Ndipo amene mwatumiza kakanema ka Benzema inu, mutumizenso ka Brentford.