Yankho: kutumiza ma SMS pa tablet

Achimwene, mwafunsa ngati tablet yanu ingamatumize ndikulandila ma meseji ngati foni, yankho lake likudalila mtundu wa tablet yomwe muli nayo. Choyamba onani m'mbali mwake ngati muli kabowo kolowetsa SIM. Ngati mulibe, nthawi zambiri imakhala ya Wi-Fi yokha, ndipo ya Wi-Fi yokha payokha siingalandile SMS za pa nambala yanu ya foni olo mutadawunilodi app iliyonse, musataye bando yanu pa ma app omwe amalonjeza zimenezo.

Ikakhala ya Android yolowa SIM, zambiri zimatha bwinobwino, ikani SIM ya TNM kapena Airtel mutsegule Messages basi. Koma samalani, zina SIM yake ndi ya data yokha ndipo zilibe poyimbila foni, apo *444# ya Mpamba kapena *211# ya Airtel Money simungayiyimbe. iPad ndiye imapusitsa anthu ambiri, ngakhale ilowe SIM siitumiza SMS wamba, imafuna iPhone yomwe ili pa akaunti ya Apple imodzi ndi iPad yo kenako muyatse Text Message Forwarding pa iPhone yo.

Ngati foni yanu ndi ya Android gwilitsani Google Messages, pa foni pitani pa Device pairing mulumikize ndi tablet, ma meseji onse azioneka konseko koma foni ikhale yoyaka komanso ili pa intaneti chifukwa yotumiza yeniyeni ndi foniyo. Chonde ngati tablet imagwilidwa ndi ana pakhomo ikani loko, ma kodi a banki nawonso azibwela pomwepo.