Za kochi wa Flames, yankho langa kwa achimwene anafunsa aja

Achimwene mwafunsa kuti mpando wa kochi wa Flames ukadzakhala opanda munthu a FAM adzatitengere wa konkuno kapena mzungu, ndiye ndaona makomenti angogawikana pawiri, ena akuti zakwathu nzakwathu, ena akuti Mmalawi sangamvere Mmalawi mnzake. Mundipirire ndilemba zambiri, nkhaniyi imandikhudza chifukwa mpira wa Flames ndinayamba kuutsatira pa wailesi ndili mwana ku Chinamwali kuno mpaka lero sindinasiye.

Ine ndikuona ngati funso la khungu likutitayitsa nthawi. Tiyeni tikumbutsane kaye. Makapu a East and Central awiri oyamba aja, 1978 ndi 1979, tinatenga ndi mzungu, Ted Powell waku England. Koma amene anatifikitsa ku Angola mu 2010 patatha zaka 26 tisanaponde ku AFCON ndi Kinnah Phiri, mwana wa konkuno, yemwe anali puleya wa Powell yemweyo. Amene anatipititsa ku AFCON ya ku Cameroon ndi Meke Mwase, chigoli cha Richard Mbulu chija pa Kamuzu Stadium pomwe tinamenya Uganda 1-0 mu Marichi 2021. Ndiye mbali zonse zili ndi umboni wake, ndipo mbali zonse zili ndi manyazi ake. Ronny Van Geneugden anabwera kuchokera ku Belgium mu 2017, anakhala zaka ziwiri akutiuza za mpira wopatsirana pansi koma magemu omwe anawina mutha kuwawerenga ndi dzanja limodzi zala zina nkutsala. A konkuno nawonso alipo omwe anapatsidwa timu zinthu osayenda. Nde mukati mzungu kapena wakuda simunanene kanthu.

Chomwe anthu ambiri sitimachiganizira ndi choti ntchito ya kochi wa dziko ndi yosiyana kwambiri ndi ya kochi wa Bullets, Wanderers kapena Silver. Wa kukilabu amakhala ndi anyamata ake tsiku ndi tsiku, akalakwitsa Loweruka Lolemba akonza. Wa dziko amapatsidwa masiku osakwana 10 a FIFA aja, magemu awiri mkatimo, ina kwathu ina kutali, mapuleya akunja afika mochedwa atatopa ndi ndege, mwina onse pamodzi aphunzitsa kawiri kapena katatu basi gemu ija yakwana. Munthu sungaphunzitse mpira watsopano mmasiku atatu. Ntchito yeniyeni imachitika miyezi yomwe kulibe kampu, kuyenda mmagraundi kuona anyamata, kudziwa kuti uyu akamenyedwa chigoli amagwa mphwayi, uyu ali ndi mtima, uyu ndi uyu amamvana pakati. Ine kochi amene ndikufuna ndi amene ndidzamuone atakhala pa sitandi ku Karonga, ku Chitowe, ku Mulanje Park, dzuwa likumuwotcha, osati ongodikira magemu a pa Bingu ndi pa Kamuzu kenako nkuitana maina omwe aja omwe atchuka kale pa Facebook.

Ndikupatseni chitsanzo cha pompano. Loweruka ndimakonda kukaonera timagemu ta anyamata ku Matawale ndi ku Sadzi, pena mpira wake osokedwasokedwa, mizere ya laimu kulibe. Kunali kamnyamata kena kamanzere, kakafupi, kamasewera ndi nsapato zobwereka zazikulu mpaka kumaika mapepala kutsogolo kuti zikwane, koma kakagwira mpira anthu ogulitsa chimanga chootcha mmbali amasiya kutembenuza chimanga kumayang'ana. Kanasewera zaka zitatu palibe ngakhale mmodzi wa akuluakulu a mpira anabwera kudzakaona. Pano kali pa kabaza, kamandinyamula pena kuchokera ku Mpondabwino. Sindikunena kuti kochi wa Flames azibwera yekha ku Sadzi ayi, koma akhale munthu oti ali ndi maso mmaboma, amalankhula ndi makochi a Under 17 ndi Under 20, amadziwa zomwe zikuchitika ku Red Lions ndi matimu a mmunsi. Akakhala wakunja koma avomera kukhala konkuno nkumayenda chonchi, ine ndilibe naye vuto. Akakhala oti gemu ikatha akukwera ndege kubwerera kwao, kapena Mmalawi oti sachoka mutauni, onsewo ayi.

Kinnah anachita bwino chifukwa chani? Anatenga timu mu 2008 Stephen Constantine atachoka, pasanathe nthawi tinamenya Djibouti 8-1, kenako Egypt, akatswiri a Africa yense chaka chimenecho, 1-0 ku Blantyre, Chiukepo Msowoya kuchinya nthawi yatha kale. Ine ndinali pa sitolo ina tazungulira wailesi anthu ngati 20, mwini sitolo anadumpha kauntala nkuthamangira kumsewu kusiya chitseko chili pululu. Anyamatawo Kinnah amawadziwa, ndipo iwo amamuopa ndi kumulemekeza chifukwa munthu anachinyira dziko zigoli 71 sungamuuze kuti sadziwa mpira. Komanso chachikulu anapatsidwa nthawi, zaka pafupifupi zisanu, gulu lake silimasinthasintha, Peter Mponda kumbuyo, Joseph Kamwendo pakati, mpaka mwana wa sukulu amatha kutchula layinapu. Nchifukwa chake ku Luanda tinathira Algeria 3-0, Russell Mwafulirwa, Elvis Kafoteka ndi Davie Banda, Algeria yomwe imapita ku World Cup chaka chomwecho. Inde ku Chad mu 2011 tinagwetsa tikiti ya ku AFCON mmanja kumapeto penipeni 2-2 ija, zinawawa, koma timu inalipo yooneka.

Tsono onani zomwe zinachitika iye atachotsedwa mu 2013. Eddington Ng'onamo, kenako Tom Saintfiet anangobwera miyezi yochepa nkukaluza 2-0 ku Calabar ndi Nigeria, kenako Young Chimodzi, Ernest Mtawali, Van Geneugden, Mwase, Marinica, Mabedi, Pasuwa. Aliyense kubwera ndi filosofi yake, aliyense kuyamba ndi mawu oti tikumanga timu. Nyumba yoti chaka chilichonse mmisiri watsopano akugumula maziko a mnzake idzafika liti pa denga? Anzathu aku Senegal anamusunga Aliou Cissé kuyambira 2015, mu 2017 anatulukira mma kotafainolo, mu 2019 analuza fainolo ndi Algeria, sanamuchotse, kapu anadzatenga ku Cameroon komwe kuja titadrowa nawo 0-0. Kuno akanapita kalekale, ndipo ife masapota tili ndi mbali yathu pamenepa, tikaluza gemu imodzi mafoni pa wailesi onse amakhala achoke achoke.

Za ku Cameroon zija zimandipatsa maganizo mpaka pano. Mwase wavutika wapititsa timu, kwatsala milungu yochepa akumuikira Mario Marinica, yemwe anali technical director, pamwamba. Marinica nkudwala Covid, Mwase nkukhala pa benchi, tinamenya Zimbabwe 2-1, zigoli zonse ziwiri za Gabadinho Mhango, Gaba. Kenako Morocco, chigoli cha Gaba chakutali chija mphindi 7 zokha, muholo momwe timaonera ku Chinamwali mabenchi anagwa, munthu osamudziwa anandikumbatira akulira. Tinaluza 2-1 koma tinabwera mitu ili mmwamba. Funso nkumati ulemu unali wa ndani, ndipo timu inali ya ndani? Mpaka lero anthu amakangana. Mwase anadzachotsedwa nkhani nkukathera kukhothi, Marinica naye anapita mu 2023 Egypt itatithira 4-0 pa Bingu. Apa phunziro langa ndi loti posankha kochi pazikhala poyera kuti mwini timu ndi uyu, technical director ntchito yake ndi iyi, asamapondane. Ndipo kontrakiti izilembedwa bwino ndi anthu odziwa malamulo, chifukwa ndalama zolipira kochi ochotsedwa molakwika ndi zomwe zikanagula mipira ya ana aku Sadzi aja.

Nkhani ya ndalama tisaizembe. Mzungu wa dzina amafuna madola, nyumba, galimoto, omuthandiza ake, pomwe ife pena timasowa ndi ya gemu yokonzekera. Kuli bwino kutenga kochi yemwe tingamulipire mwezi ndi mwezi osadumphitsa, yotsalayo ipite ku kampu ndi mafulendile. Zambia pomutenga Hervé Renard koyamba mu 2008 sanali dzina lalikulu, anali othandizira Claude Le Roy ku Ghana, koma amaudziwa mpira wa mu Africa, mu 2012 anawapatsa kapu. Nchifukwa chake ganizo lotenga Kalisto Pasuwa waku Zimbabwe ine ndinaliona lanzeru, osati poti ndi wakunja kapena ayi, koma anali atakhala zaka ku Bullets akutenga ligi motsatizana, magraundi athu onse anawaponda, komanso anapititsako Zimbabwe ku AFCON ya 2017. Gemu yomwe tinamenya Burkina Faso 3-0 pa Bingu iye ali pa benchi ija sinandidabwitse kwenikweni, anyamata amawadziwa.

Ndiye achimwene ndikanakhala pa tebulo la ma intavyu, mapepala a CAF ndikanaona inde, ndi ofunika, koma ndikanamufunsa munthuyo kuti tanditchulireni mapuleya 30 a mu Super League ndi malo omwe amasewera, tandiuzeni mukakumana ndi Senegal kwao muli ndi masiku atatu okonzekera mukachita bwanji, nanga bwana wina akakuimbirani usiku kuti muike mwana wake mu timu mudzayankha chani. Lachitatuli ndi lomwe ndingamvetsere kwambiri. Akayankha bwino ndimupatsa zaka zinayi zolembedwa, ndi chomwe tikufuna chaka chilichonse cholembedwanso, ndi galimoto ya mafuta ake yoti Loweruka lililonse azipezeka pa graundi ina, tsiku lina adzafikenso kuno ku Zomba.