Kodi n'koyenera kulipira wosoka wa makina a longarm?

FUNSO: Ndatha miyezi isanu ndikulumikiza zigamba za chofunda chachikulu cha pabedi, ndipo nsalu ya pamwamba yatha. Mnzanga wandilangiza kuti ndipite nayo kwa mmisiri wa makina a longarm, makina aakulu osokera zofunda, kuti akaisokere pamodzi ndi thonje la pakati ndi nsalu ya pansi, koma mtengo umene ndauzidwa wandidabwitsa. Ndilipirirenji pamene makina osokera ndili nawo kunyumba? Ndine mayi wokonda kusoka.

YANKHO: Mayi, poyamba muone mmene mtengowo amauwerengera. Amisiri ambiri amachulukitsa mulitali ndi mulifupi mwa chofunda, kotero kuti cha mainchesi 90 ndi 100 chimawerengedwa ngati timabwalo 9,000 ta inchi imodzi, ndipo kalikonse kali ndi mtengo wake. Maluwa amtundu umodzi obwerezabwereza kuchokera m'mphepete mpaka m'mphepete ndiwo otsika mtengo, chifukwa mmisiri amangotsata chithunzi chimodzi, mwinanso kompyuta ndiyo imayendetsa singano. Mukafuna kuti chigamba chilichonse chikhale ndi msoko wakewake, ntchitoyo imatha masiku, ndipo ndalama zimakwera kwambiri. Mufunsenso ngati ulusi, thonje ndi kusoka mpendero zili m'kati mwa mtengowo, popeza nthawi zambiri zimalipiridwa padera.

Makina anu akhoza kugwira ntchitoyi, koma mudzayenera kuyala nsalu zitatuzo pansi, kuzimanga ndi mapini mazanamazana, kenaka n'kumakankha mpukutu wolemera pa kampata kakang'ono ka pakati pa singano ndi thupi la makina. Pamenepo ndi pamene nsalu ya pansi imachita makwinya osaoneka kufikira mutaitembenuza, ndipo mapewa amakhala atatopa kale. Pa longarm nsalu zimakungidwa pa felemu yotalika mamita atatu kapena anayi, sizisuntha, ndipo choyenda ndi makinawo.

Ine ndikuona kuti chofunda chachikulu chimene mwachivutikira miyezi isanu n'choyenera kulipirira, koma kachofunda ka mwana mukhoza kukamaliza nokha. Musanapite, musite bwino misoko, mudule tiulusi tolendewera, ndipo nsalu ya pansi ipose ya pamwamba ndi mainchesi anayi mbali zonse, apo ayi mmisiri adzakubwezerani kapena adzakulipiritsani nthawi yokonza. Mumupemphenso kuti akuonetseni kunsi kwa chofunda chimene anasokapo kale, chifukwa ulusi wosakokeka bwino umaonekera kumeneko.