Kaliyala ya padenga la galimoto: musanagule, yambani mwafunsa denga

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa bambo wina amene amawerenga zimene ndimalemba kuno. Dzina ndisatchule. Akuti: "Ndili ndi galimoto yaing'ono ya zitseko zisanu. Tikamapita kutali ndi banja, ana atatu kumbuyo, buti imadzaza tisanaike n'komwe tenti ndi matiresi. Masiku ena ndimafunanso kunyamula makwerero a kuntchito, kapena njinga ziwiri. Ndikufuna kugula kaliyala ya padenga. Ndisankhe yotani, ndipo ndingathe kumanga ndekha? Mnzanga akuti ndingopita kwa owotcherera andipangire yolimba, yoti ngakhale ng'ombe n'kukwerapo."

Achimwene, zikomo polemba. Mnzanuyo sakunama ayi. Wowotcherera waluso angakupangireni kaliyala yoti ng'ombe n'kukwerapodi. Koma ng'ombeyo ikakwera pakaliyala, kaliyalayo ikhala pachiyani? Padenga. Ndiye mwini nkhani pano ndi dengalo, ndipo lili ndi malire ake amene kaliyala, ngakhale italimba bwanji, singawasunthe.

Tsegulani kabuku kamene kanabwera ndi galimoto, mufufuze pamene alemba za kulemera kwa katundu wa padenga. Ngati kabukuko kanatayika kalekale, ambiri amapezeka pa intaneti mukalemba mtundu wa galimoto ndi chaka chake. Pa magalimoto ambiri aang'ono nambalayi imakhala pakati pa makilogalamu 50 ndi 100, ndipo 75 ndi imene mungaione kawirikawiri. Chimene ambiri amaphonya n'chakuti kaliyala nayonso ndi katundu, imawerengedwa momwemo. Tiyerekeze kuti denga lanu ndi la makilogalamu 75. Mipiringidzo iwiri ya aluminiyamu yopingasa padenga pamodzi ndi miyendo yake ingalemere pafupifupi makilogalamu 5. Mukaikapo kaliyala ya dengu ija, yokhala ndi mpanda m'mbali, yolemera makilogalamu 15, mwatsala ndi 55. Zigubu ziwiri za madzi za malita 20 zadya kale 40, poti lita imodzi ya madzi ndi kilogalamu imodzi. Mwatsala ndi 15, tenti isanakwere. Tsono taganizani kaliyala yowotcherera ya zitsulo zochindikala imene payokha ikulemera makilogalamu 35 kapena 40. Mwalipira ndalama kuti theka la mphamvu za denga lanu lizisenza chitsulo chopanda kanthu.

Kaliyala nayo imabwera ndi nambala yake. Ngati yalembedwa 100 pamene denga ndi 75, tsatirani 75. Ngati yalembedwa 50, tsatirani 50. Yochepa ndi imene imalamula.

Mwina mukudabwa kuti nanga anthu aja amagona awiri m'tenti ya padenga, sapitirira makilogalamu 75? Amapitirira, koma galimoto imakhala itaima. Nambala ya m'kabukuyi ndi ya galimoto ikuyenda, ikugunda mabampu, ikukhota, ikumanga mabuleki mwadzidzidzi. Pabampu katundu amanyamuka pang'ono n'kubwerera pansi ndi mphamvu yoposa kulemera kwake, ndipo zonsezo zimathera pa malo anayi ang'onoang'ono pamene miyendo ya kaliyala yaponda. N'chifukwa chake opanga ena, monga Rhino-Rack ya ku Australia, amauza anthu kuti pamsewu woipa wopanda phula agawe nambalayo ndi 1.5. Denga la 75 limasanduka la 50. Palinso nkhani ya kupendama. Katundu akakhala pamwamba, galimoto imalemera kumutu, ndipo pokhota mumamva ikukokera kunja. Galimoto yaing'ono yodzaza anthu asanu, buti yodzaza, n'kuwonjezanso katundu padenga, imafika msanga pa malire a kulemera konse kumene inapangidwira. Nambala imeneyo nthawi zambiri imakhala pa kachitsulo kapena kapepala komata pa felemu ya chitseko.

Mukaidziwa nambala ya denga ija, tulukani panja mukaone dengalo ndi maso, chifukwa madenga safanana. Lina lili ndi njanji ziwiri zoyenda kuchoka kutsogolo mpaka kumbuyo, zokwezeka moti zala zimalowa pansi pake. Ngati lanu ndi lotere, mwayi ndi wanu: miyendo imangogwira njanjizo, ntchito ya mphindi zochepa. Lina lili ndi njanji zomatirira kudenga, zopanda mpata, ndipo limafuna miyendo yopangidwira galimoto imeneyoyo. Lina limaoneka losalala koma lili ndi timapulasitiki tinayi totsekera. Mukatitsegula mupeza mabowo a mabawuti amene opanga galimoto anakusiyirani, ndipo amenewa ndi malo olimba zedi. Magalimoto akale ena, monga Land Rover Defender yakale, ali ndi ngalande za madzi a mvula m'mbali mwa denga, ndipo kaliyala imapana m'menemo. Lomaliza ndi denga lopanda chilichonse, limene ndikuganiza kuti ndi lanu. Apa miyendo imaponda padenga, ndipo tizitsulo topindika timakola m'mphepete mwa felemu ya chitseko.

Pa denga lomalizali m'pamene ndimakana zija amati "zokwana galimoto iliyonse". Kupindika kwa felemu ya chitseko kumasiyana galimoto ndi galimoto, ngakhale za kampani imodzi zosiyana zaka zokha. Makampani odziwika monga Thule ya ku Sweden, imene inayamba mu 1942, kapena Yakima ya ku America, amagulitsa zinthu zitatu padera: mipiringidzo, miyendo, ndi tizitsulo tokolera ta galimoto yanuyo. Zimaoneka ngati njira yokudyerani ndalama, koma ubwino wake ulipo: mukadzasintha galimoto, nthawi zambiri mudzangogula tokolera tatsopano. Sindikunena kuti mugule za mayina amenewa basi. Ndikunena kuti wogulitsa akapanda kukufunsani mtundu ndi chaka cha galimoto, inuyo muyambe kukayika. Ndipo wina akati "tingoboola denga", kanani. Bowo lobooledwa mwachisawawa ndi khomo la madzi ndi dzimbiri, ndipo chitsulo cha pakati pa denga n'chopyapyala. Mphamvu zili m'mbali. Ngati denga lanu ndi lagalasi, werengani kabuku kawiri, chifukwa ena salola n'komwe.

Za katundu amene mwatchula, ine ndingakulangizeni mipiringidzo iwiri yokha poyamba. Makwerero amagona bwino pa mipiringidzo iwiri. Njinga zimafuna zogwirira zake zomangira pa mipiringidzo yomweyo. Tenti ndi matiresi mukhoza kuzikulunga n'kuzimanga pomwepo, kapena kudzagula bokosi lotseka m'tsogolo muno ngati mvula yakutopetsani. Dengu ndi labwino kwa munthu wonyamula tinthu tambirimbiri tosalongosoka, koma ndi lolemera ndipo limalimbana ndi mphepo tsiku lililonse, ngakhale muli nokha popita kuntchito.

Mphepoyi musaipeputse. Liwiro likawirikiza kawiri, mphepo imakankha kanayi, ndiye chimene simukuchimva pa makilomita 50 pa ola chimakhala chilombo pa 100. Mipiringidzo yamakona anayi kapena yozungulira imakonda kuimba likhweru. Yophwatalala ngati phiko la ndege ndi yofatsa. Ngati muli kale ndi yoimbayo, kulungani chingwe mozungulira mpiringidzo wakutsogolo ngati njoka yokwera mtengo, likhwerulo limachepa. Mafuta nawo amapita. Mu 2016 ofufuza a ku Lawrence Berkeley National Laboratory, bungwe la kafukufuku la ku America, ndi anzawo anawerengera kuti mu 2015 makaliyala a padenga anadyetsa magalimoto aang'ono a ku America mafuta okwana magaloni pafupifupi 100 miliyoni. Ine yanga ndimamasula ndikadziwa kuti mwezi wonse sindinyamula kanthu.

Tsopano kumanga. Inde mungathe nokha, koma itanani munthu wachiwiri. Akuluakulu anati mutu umodzi susenza denga, ndipo apa mwambiwu wagwera pake penipeni: mpiringidzo ukakupulumukani muli nokha, mwendo wake umakanda penti kuchoka pakati mpaka m'mphepete.

Yambani ndi kutsuka denga, makamaka pamene miyendo iponde, ndiponso mphira za pansi pa miyendoyo. Kamchenga kamodzi kotsalira pamenepo kamapekesa penti ulendo wonse, mpaka tsiku lomasula mudzapeza chitsulo chili pambalambanda. Lumikizani miyendo ku mipiringidzo muli pansi, mabawuti ali osamanga. Onetsetsani kuti wakutsogolo ndi uti, wakumbuyo ndi uti, chifukwa madenga ambiri amachepa chakumbuyo, ndipo tokolera tina timalembedwa kumanja ndi kumanzere. Mpiringidzo wooneka ngati phiko, mbali yonenepa iyang'ane kutsogolo. Kenako tengani tepi yoyezera. Pepala la malangizo limanena masentimita ochokera pa galasi lakutsogolo kapena pa mzere wa pakati pa zitseko. Yezani mbali zonse ziwiri, osati ndi maso. Mpata wa pakati pa mipiringidzo iwiriyi nthawi zambiri umakhala masentimita 70 kapena kuposa pang'ono, ndipo pa makwerero mpata waukulu ndi wabwino. Yezaninso kuti nsonga zotulukira kunja zikhale zofanana kumanja ndi kumanzere, ndipo zisapitirire m'lifupi mwa galimoto. Mwana wotuluka m'galimoto mothamanga amagunda chipumi pomwepo.

Pomanga mabawuti, musamalize mbali imodzi. Mangani pang'ono kuno, mnzanu amange pang'ono uko, mosinthanasinthana, apo ayi mpiringidzo umakokedwera mbali imodzi. Ndipo musamange ngati mukumanga tayala. Mabawuti a kaliyala ndi aang'ono. Mukapyola muyezo mumapinda felemu ya chitseko kapena kufinya mphira yake, mvula n'kuyamba kudontha m'kati. Makaliyala ena amabwera ndi kakiyi kamene kamalira kuti "tcha" mukafika pa muyezo. Kakalira, siyani. Mukatha, tsegulani ndi kutseka zitseko zonse, kwezaninso chitseko cha buti pang'onopang'ono kuona ngati sichigunda kanthu. Kenako gwirani mpiringidzo ndi manja awiri, muugwedeze mwamphamvu. Galimoto yonse igwedezeke, mpiringidzo wokha usasunthe.

Pokweza katundu, zolemera zilowe m'buti, zopepuka koma zodya malo zikwere pamwamba: matiresi, tenti, zofunda. Anthu ambiri amachita mosemphanitsa chifukwa chigubu n'chosavuta kumanga. Katundu akhale pakati pa mipiringidzo, osapendekera mbali imodzi. Mangirani malamba a nsalu okhala ndi zokolera zachitsulo. Zingwe zotamuka zija za ngowe kunsonga si zomangira katundu. Zimatamuka pa nthawi imene mukufuna kuti zigwire, ndipo ikapulumuka ngoweyo imalunjika m'diso. Malamba okhala ndi chokhwimitsira ndi amphamvu, koma pa njinga kapena chinthu chapulasitiki amatha kuphwanya, ndiye dzanja likhale lofatsa. Lamba azizungulira mpiringidzo weniweniwo, osati kungodutsa pamwamba pa katundu. Pamene lamba wadutsa m'malere, mupotokoleni kamodzi, sadzalira ngati njuchi. Nsonga zotsala zimangeni, zisamakwapule denga. Makwerero aatali amafuna chingwe china kutsogolo ndi kumbuyo, chomangira pa ngowe zokokera galimoto, komanso kansalu kofiira kunsonga ngati atulukira kumbuyo. Malamulo a kutalika kololedwa amasiyana dziko ndi dziko, funsani a kwanuko.

Matiresi ndiwachenjezere padera. Mphepo ikalowa kunsi kwake kutsogolo, amasanduka phiko, ndipo amakoka kaliyala chokweza, mbali imene tokolera ta pachitseko n'tofooka. Apindeni kapena kuwakulunga, lamba mmodzi agwire kutsogolo kwenikweni.

Mukayenda makilomita 20 kapena 30, imani pamalo abwino, mugwire lamba aliyense ndi bawuti iliyonse. Katundu amakhazikika, malamba amakhwefuka, makamaka akanyowa. Pambuyo pake muzionanso paliponse pamene mwaima.

Chomaliza ndi chimene chinandiphunzitsa ine ndi misozi. Tsiku lina ndinachokera kokwera njinga, njingayo itaima chilili padenga. Ndinali nditatopa, ndikuganiza za kusamba basi. Ndinalowa pamalo ena oimikapo magalimoto amene pakhomo pake pali chitsulo chopingasa pamwamba, malo amene ndinkalowa sabata iliyonse osaganiza kawiri. Ndinangomva kuti phwa! Chishalo chinakola chitsulocho, foloko ya njinga inapindika, mwendo wakumbuyo wa kaliyala unazuka n'kusiya chipsera padenga chimene chilipo mpaka lero. Njinga yoima imawonjezera kupitirira mita imodzi pamwamba pa galimoto, pamene makomo ambiri a malo oimikapo magalimoto a m'nyumba amangokwana mamita awiri kapena kuposa pang'ono. Inu muli ndi njinga ziwiri, achimwene. Mukazikweza koyamba, yezani kuchokera pansi mpaka pamwamba pa chishalo, mulembe nambalayo pa kapepala, mumate pafupi ndi chiwongolero pamene maso amagwera. Ngati kunyumba muli ndi galaja, ikani mpando kapena ndowa pakhomo pake pochoka, kuti pobwera mukakamizike kutsika kukachotsa, muone zili padenga.