Chipi mu PS2 ya ku Japan? Dikirani kaye, amwene

Wowerenga wina wandilembera imelo. Wagula PS2 (makina a magemu a PlayStation 2) yaikulu ija, yonenepa, kwa anthu ogulitsa katundu wakale wochokera ku Japan. Mlamu wake wa ku Britain wamutumizira zimbale za magemu, koma makina akuzikana zonse. Wokonza mawailesi kumsika wamuuza kuti abwere nayo aikemo chipi, kuti izidya chimbale chilichonse, ngakhale chobena. Akufunsa ngati apite nayo.

Amwene, isiyeni kaye panyumba. Yankho likubwera, koma mwandikanda poyabwa, ndiye mundilole ndizungulire pang'ono.

Ine ndinakulira m'kachipinda ka magemu. Malume anga anali nako ku Ndirande, kuseri kwa shopu yometera, zaka za m'ma 2000. Munali mabenchi, ma TV a msana aja, mapadi omangidwa ndi selotepi, ndi khamu la ana oima kumbuyo amene analibe ndalama koma malangizo kwa osewera anali nawo ochuluka. Ndikaweruka kusukulu, ntchito yanga inali kutolera makobidi ndi kusintha zimbale. Gemu yomwe inkagula ndiwo pakhomo inali imodzi: Winning Eleven, mpira wa kampani ya Konami, womwe ku Europe ankaugulitsa m'dzina la Pro Evolution Soccer. Wathu unali wa Chijapani. Panalibe wodziwa chilembo ngakhale chimodzi, koma mwana wa sitandade 4 ankaloweza malo a chilichonse pa sikirini, n'kumasintha osewera mwachangu kuposa akuluakulu. Ankadziwanso kuti m'magemu a ku Japan batani la bwalo ndiye lovomera, la X lobwerera, pomwe m'magemu a ku Europe lovomera ndi X. Wolengeza mpira m'gemumo, Jon Kabira, ankakuwa m'chinenero chakwawo, ana n'kumamutsanzira mpaka posewera chikulunga kumseu.

Makina a malume sanachokere kumodzi. PlayStation ina anabwera nayo munthu kuchokera ku Johannesburg, ina inali ya ku Japan, ina ya ku America inapezeka pa kaunjika. Iliyonse inkafuna zimbale zakwawo. Apa m'pamene ankalowera bambo wina amene dera lonse linkamudziwa kuti ndi wa machipi. Ankabwera ndi kachikwama, n'kutithamangitsa tonse kuti tisamugwedeze, n'kuyamba kuwotcherera. Ife tinkamuona ngati sing'anga.

Zomwe ankachitazo ndinadzazimvetsa nditakula. Sony itatulutsa PlayStation yoyamba ku Japan mu December 1994, inagawa msika m'zigawo zitatu. Pa chimbale chenicheni, chakupakati, mzere wa zolembedwa ndi wokhotakhota mwadala, ndipo m'kukhotako anabisamo zilembo zinayi: SCEI za Japan, SCEA za America, SCEE za Europe. Makina akayaka amayamba afunafuna zilembo zimenezo. Akapeza zachilendo, kapena akapanda kuzipeza, gemu siyamba. Kompyuta yobenera singalembe kukhota koteroko, n'chifukwa chake chimbale chobena chimakanidwa ngakhale gemu yonse ili momwemo. Ena ankati chinsinsi chili pa mtundu wakuda wa kunsi kwa chimbale cha PS1. Ayi, umenewo ndi utoto chabe. Ndiye ntchito ya chipi inali kunama basi, kumanong'oneza makinawo zilembo zomwe akufuna kumva. Pa PS1 zinali zosavuta, mawaya ochepa. PS2, yomwe inatuluka mu March 2000, inabwera yolimba: machipi ake monga Matrix Infinity ndi Modbo amafuna timawaya pafupifupi 20, tina towotcherera pa miyendo yopyapyala ya tizipangizo ta pabolodi. Dzanja likanjenjemera kamodzi, makina apita.

Bambo uja dzanja lake silinkanjenjemera, pamenepo sindimunenera zoipa. Chipi chinkagwira. Chomwe chinkafa ndi diso, lija okonza amati lenzi. Chimbale cha ku fakitale chimadindidwa, ndipo chimabweza kuwala bwino. Chobena chimabweza kuwala kofooka, makamaka zimbale zotchipa zomwe tinkagula mulumulu, ndiye diso limavutika ngati munthu wowerenga nyuzipepala pa koloboyi. Onjezanipo fumbi la mu October, kutentha kwa m'kachipinda ka malata, ndi makina oyaka kuyambira m'mawa mpaka usiku. Poyamba gemu imachedwa kutseguka. Kenako wolengeza uja amayamba chibwibwi. Kenako mumayamba miyambo: kuimika makina chammbali, kuwagadamiza, kupukuta chimbale ndi malaya, kupemerera mkati. Bamboyo akabwera ankapotoza kasikulu ka pa diso kuti kuwala kuwonjezeke, makina n'kudzuka masabata angapo, malume n'kumulipira mosangalala, osadziwa kuti alipira zofulumizitsa maliro. Pansi pa bedi lawo panadzaza ma PS2 akufa omwe ankati tsiku lina adzachotsamo zipangizo. Ma slim, ma PS2 aang'ono opyapyala aja, oyambirira a mu 2004, a nambala SCPH-70000, ndiye anali odziwika kulikonse kuti diso lawo limapsa msanga akakumana ndi zimbale zobena.

Nthawi imeneyo zinali zomveka, chifukwa ina ikafa unkagula ina. Lero si choncho. PS2 inagulitsidwa yoposa 150 miliyoni padziko lonse, koma inasiya kupangidwa mu 2013. Diso lomwe lili m'makina mwanumo latha zaka pafupifupi 20 kapena kuposa, ndipo osinthira omwe amagulitsidwa pa intaneti ndi amwayi: ena abwino, ena akale ongopukutidwa. Ndiye ndinena mosabisa. Munthu amene lero akuika chipi mu PS2 kuti muziseweramo zimbale zobena akukugulitsani luso la dzana pa makina omwe sangapirirenso. Mwina sakunama dala, ndi zomwe anaphunzira. Koma ndalama mupereka kawiri, poika chipi ndi posaka diso.

Musandimve ngati ndikuikira kumbuyo zigawo zija. Zimenezo ndimadana nazo mpaka pano. Anazikonzera anthu okhala ndi sitolo ya magemu pafupi, yogulitsa makina ndi zimbale zogwirizana. Ife pa mapu amenewo anangotiphatikiza ku chigawo cha Europe chifukwa ma TV athu ndi a PAL, koma katundu wathu sabwera motsata mapu. Amabwera m'mabelo, m'masutikesi a abale, m'buti ya galimoto yochokera ku Dar es Salaam. Munthu wagula makina enieni, walandira zimbale zenizeni zomwe mlamu wake analipira, ndiye zikanane chifukwa cha zilembo zinayi? Komanso chigawo chomwe anatipatsacho chinali chotsalira. TV ya PAL imayenda pa 50 Hz, ya NTSC ya ku Japan ndi America pa 60 Hz, ndipo magemu ambiri osamutsidwa mwaulesi ankayenda mochedwerapo ku Europe, ndi mizere yakuda pamwamba ndi pansi. Ana a kwa malume sankadziwa za ma Hz, koma ankadziwa TV yomwe mpira wake ndi wothamanga, n'kumalimbirana imeneyo.

Ngakhale makhoti sanagwirizane pa nkhaniyi. Ku Britain mu 2004 khoti linagamula kuti kugulitsa machipi a PS2 n'kulakwira lamulo. Chaka chotsatira, mu 2005, khoti lalikulu la ku Australia linagamula mokomera Eddy Stevens, munthu woika machipi yemwe Sony inamusumira, ndipo mmodzi wa oweruza anadandaulanso kuti zigawozi zimapondereza munthu wogula katundu mwachilungamo kunja. Kuno kwathu za umwini wa ntchito zaluso amayang'anira ndi a COSOMA, ndipo amene anaonapo oimba athu akulira ndi zimbale zobenedwa mumsewu akudziwa kuti kuba kumeneku si nthabwala. Malire anga ine ndi awa: kukopera chimbale chomwe ndi chako kuti chisakalike ndi nkhani ina, kubena mulu n'kumagulitsa ndi nkhani inanso. Kachipinda ka malume kanali mbali yachiwiriyo, ndipo aliyense ankadziwa. Inu muli mbali yoyamba, zimbale muli nazo m'manja.

Chondisangalatsa n'chakuti amene anathetsa vutoli sanali makampani. Ndi anthu wamba okonda makinawa, omwe anakhala zaka akufufuza zibowo m'mapulogalamu ake n'kumagawa zomwe apeza ulere. PS2 inapangidwa kuti izitha kulandira pulogalamu yatsopano yoonetsera ma DVD kudzera pa memory card. Anthu aja anaona kuti khomo limenelo likhoza kulowetsa pulogalamu ina iliyonse, ndipo m'menemo munabadwa Free McBoot, pulogalamu ya pa memory card yomwe imalola makinawo kutsegula mapulogalamu ena popanda chipi. Mu 2020 wina wodziwika ndi dzina loti CTurt anapezanso chibowo china, FreeDVDBoot, chodzera pa chimbale cha kanema. Ngakhale PS1 inatsegulidwa mu 2021 ndi mapulogalamu a tonyhax ndi FreePSXBoot, popanda kuwotcherera waya ngakhale umodzi. Kupatula Free McBoot, zonsezi zachitika makina atasiya kale kupangidwa.

Zoti muchite

Yambani ndi magetsi. PS2 yonenepa ya ku Japan ndi ya 100V, pomwe soketi zathu zimatulutsa 230V. Popeza mukuti ikuyaka, ndiye kuti wogulitsayo anakupatsani step-down, kachipangizo kotsitsa mphamvu ya magetsi, kapena wina anasintha za magetsi mkati. Fufuzani kuti n'chiti. Ngati ndi step-down, mangirirani chingwe cha makinawo pamenepo ndi tepi, chifukwa tsiku lina mwana adzachilowetsa pakhoma molunjika, ndipo kaphokoso kake n'kamodzi kokha.

Kenako werengani nambala ya SCPH pa chomata cha kumbuyo. Yothera pa 0 ndi ya Japan, pa 1 ya America, pa 3 ya Britain, pa 4 ya Europe. Ngati ili pakati pa 30000 ndi 50000, kumbuyo kuli chibowo chachikulu cholowetsamo hard drive, ndipo mwapata. Zoyambirira zenizeni, 10000, 15000 ndi 18000, zilibe.

Mufunika zinthu zitatu: memory card yokhala ndi Free McBoot, network adapter ya PS2 yolumikizira hard drive, ndi hard drive yakeyo. Pogula khadiyo nenani kuti makina anu ndi a ku Japan, chifukwa yoikidwira chigawo china chokha siyaka. Adapter yeniyeni ya Sony imalandira ma hard drive akale a IDE, koma zilipo zina za SATA. Zimbale za mlamu wanu muzikopere pa kompyuta yokhala ndi DVD drive, zikhale mafayilo a ISO, muwasamutsire mu hard drive, n'kumawatsegula ndi pulogalamu ya Open PS2 Loader, yomwe ambiri amangoti OPL. Imeneyi sifunsa kwawo kwa gemu, ndipo diso siligwira ntchito n'komwe. Free McBoot payokha sichititsa makina kulandira chimbale chachilendo, musadabwe mukachiika n'kukanidwabe.

Fulashi imagwiranso, koma ma USB a PS2 ndi akale, a mtundu wa 1.1, ndiye timakanema ta m'magemu timadukaduka. Amene muli ndi slim, njira yabwinopo ndi kachipangizo ka MX4SIO kolowetsa SD card pamalo a memory card, kapena waya wa netiweki kuchokera pa kompyuta. Ma slim omaliza a SCPH-90000, kuyambira ena olembedwa 8C pa chomata chawo, amakana Free McBoot, amafuna ina yotchedwa OpenTuna.

Magemu a ku Britain adzatulutsa chithunzi cha PAL, TV yanu idzachilandira bwinobwino. Chomwe chingaoneke chopanda mitundu pa TV yakale ndi menyu ya makinawo ndi magemu a ku Japan, ndipo vuto pamenepo ndi TV. Ngati pa zimbale zija pali za PS1, OPL sizitsegula. Zimafuna pulogalamu ina yotchedwa POPStarter, ndipo si zonse zomwe zimayenda bwino.

Khadi ya Free McBoot musasungirepo magemu. Gulani yachiwiri ya zimenezo, chifukwa magetsi akazima makina ali mkati molemba, khadi imatha kuwonongeka, ndipo ndi bwino muluze ligi yanu ya mpira kusiyana ndi kiyi wotsegulira zonse.