Amayi anga awapeza ndi khansa ya m'mawere, kodi ndikongole ndalama za mankhwala atsopanowa?

Imelo imene ndalandira sabata yathayi yandisowetsa tulo. Mayi wina akuti amayi ake awapeza ndi khansa ya m'mawere, ndipo iye wawerenga pa intaneti za mankhwala atsopano otchedwa Enhertu. Akufunsa ngati akongole ndalama kuti awagulire, kapena ngati zimenezi n'za anthu olemera okha.

Achemwali, mundilole ndiyambe ndi akulu anga, chifukwa funso lanuli nanenso ndinadzifunsapo.

Akulu anga anamva kambulu m'bere lakumanzere tsiku lina akusamba. Sikankapweteka, ndiye anangokasiya. Patapita miyezi inayi anandionetsa, ndipo ine m'malo mowagwira dzanja n'kupita nawo kuchipatala tsiku lomwelo, ndinati tidikire kaye mwina kasungunuka kokha. Mawu amenewo amandiwawa mpaka lero. Titapita, anawatapa kanyama kuti akakayeze, ndipo zotsatira tinazidikirira pafupifupi miyezi iwiri. Anthu ankatilimbitsa mtima kuti kuona maso a nkhono n'kudekha, koma chotupa sichinkadekha nafe. Chinali chitayamba kale kutupitsa m'khwapa. Pepala litabwera linangoti ndi khansa, basi. Silinanene kuti ndi ya mtundu wanji, ndipo ine sindinafunse, poti ndinkaganiza kuti khansa ya m'mawere ndi imodzi yomweyo.

Chonsecho ilipo yamitundumitundu. Zotupa zambiri, pafupifupi 7 mwa 10 zilizonse, zimakula ndi homoni ya estrogen, ndipo mankhwala ake ndi mapiritsi otsekereza homoniyo. Zina, pakati pa 15 ndi 20 pa 100 zilizonse, zimakhala ndi puloteni yochuluka kwambiri yotchedwa HER2, imene imathamangitsa maselo kuti aziswana. Palinso zina zomwe zilibe zizindikiro zimenezi, madokotala amazitcha triple negative. Dokotala wosadziwa mtundu wa chotupa amakhala ngati akulasa mumdima.

Akulu anga anawachotsa bere, anayamba chemotherapy (mankhwala amphamvu opha maselo a khansa), tsitsi linasosoka, zikhadabo zinada. Dokotala wina wachifundo ndi amene anatumiza kanyama kaja kulabotale ina, ndipo anatiuza kuti ndi HER2. Anati pali mankhwala otchedwa trastuzumab, olandira masabata atatu alionse kwa chaka chathunthu, amene amachepetsa kwambiri mwayi woti khansayo ibwererenso. Kenako anayang'ana pansi n'kunena kuti pachipatalapo kulibe. Tinasonkherana pachibale, ine ndinakongola, ndipo tinakwanitsa maulendo asanu okha. Ulendo wachisanu ndi chimodzi akulu anga anandiuza okha kuti, “Mng'ono wanga, zisiye, ana ako aphunzire.” Patatha zaka ziwiri khansa inapezeka m'chiwindi, ndipo sanakhalitse.

Chimene chimandipsetsa mtima n'chakuti mankhwala amenewo sanali atsopano ayi. Trastuzumab, amene ambiri amawadziwa ndi dzina la Herceptin, anavomerezedwa ku America mu 1998, kutsatira ntchito ya dokotala wofufuza Dennis Slamon ndi kampani ya Genentech. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO linawaika pamndandanda wa mankhwala ofunika kwambiri mu 2015. Pamenepa papita zaka 17. Mu December 2019 WHO inavomereza koyamba trastuzumab wopangidwa ndi kampani ina, amene amatchedwa biosimilar, ndipo inanena kuti mankhwala oyambirirawo ankadula pafupifupi madola 20,000 pa wodwala mmodzi, pomwe enawa ankatsika mtengo ndi pafupifupi 65 peresenti. Tawerengani zaka zimenezo, achemwali, kenako muganizire amayi amene anadwala m'katimo. Ku South Africa kunali mayi wina wolimba mtima, Tobeka Daki, amene anamenyera poyera kuti mtengo wa trastuzumab utsike. Anamwalira mu 2016 asanawalandire.

Makampani amati kufufuza mankhwala kumadya ndalama zambiri, ndipo n'zoona. Kale ndinkaimva mfundoyi n'kukhala chete. Masiku ano sindikhala chete, chifukwa nyimbo yomweyi tinaimva pa ma ARV. Ankati mankhwala a HIV sangatsike kuchoka pa madola oposa 10,000 pachaka, mpaka mu 2001 pamene kampani ya Cipla ya ku India inati ikhoza kuwagulitsa pa madola 350. Chaka chomwecho mayiko atakumana ku Doha, m'dziko la Qatar, anagwirizana kuti malamulo a patent, oletsa makampani ena kupanga mankhwala amene kampani ina inatulukira, asamatsekereze boma kuteteza umoyo wa anthu ake. Anthu mamiliyoni ali moyo lero chifukwa ena anakana kuvomereza kuti mtengo ndi chinthu chogwa kumwamba. Nanga pa khansa tikuzengerezeranji? Bungwe la Medicines Patent Pool, lomwe linayamba mu 2010 ndipo limakambirana ndi eni mankhwala kuti alole makampani ena kuwapanga motchipa, linapeza chilolezo choyamba cha mankhwala a khansa mu 2022, ndipo chinali cha khansa ya m'magazi. Ine ndikuti mankhwala amene atsimikizika kuti amapulumutsa moyo koma n'kumagulitsidwa pamtengo woti mayiko ambiri sangaufike, kumeneko n'kusankha amene akhale moyo ndi amene afe. Palibe dzina lina.

Musaganize kuti vutoli n'la mayiko osauka okha. Enhertu yemweyo, amene dzina lake lenileni ndi trastuzumab deruxtecan, anatchuka mu 2022 kafukufuku wa DESTINY-Breast04 ataonetsa kuti amayi a khansa yofalikira kale, yokhala ndi HER2 yochepa, ankakhala moyo miyezi 23.4 poyerekeza ndi 16.8 pa chemotherapy wamba. Koma mu 2024 bungwe la NICE, lomwe limaunika mankhwala oti boma lizigula ku England, linakana kuti boma liziwagulira odwala amenewa chifukwa cha mtengo, pomwe ku Scotland, kungodumpha malire, ankaperekedwa. Ku America nako amayi akuda amamwalira ndi khansa imeneyi kwambiri kuposa azungu, kusiyana kwake ndi pafupifupi 40 peresenti.

Pali chinthu china chimene ndinachiphunzira mochedwa, akulu anga atapita kale. Kupita patsogolo kwa chithandizo sikuti nthawi zonse kumabwera m'botolo lodula. Kwa zaka zambiri madokotala ankatsatira njira ya dokotala wa opaleshoni William Halsted, yochotsa bere lonse pamodzi ndi minofu ya pachifuwa. Bernard Fisher ku America ndi Umberto Veronesi ku Italy anadzaonetsa kuti pa zotupa zazing'ono, kuchotsa chotupa chokha kenako n'kupanga radiotherapy (kupha maselo a khansa ndi cheza cha makina) kumapulumutsa moyo chimodzimodzi. Radiotherapy yomweyo inkatenga masabata asanu, kenako atatu, ndipo mu 2020 kafukufuku wa FAST-Forward ku Britain anaonetsa kuti kwa ambiri sabata imodzi imakwana. Taganizirani, makina amodzi omwewo akhoza kuthandiza anthu ochuluka bwanji. Tamoxifen, kapiritsi kotchipa kamene kakhalapo kuyambira m'ma 1970, mayi wa chotupa cha estrogen akakamwa zaka zisanu kamachepetsa imfa ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu. Ndipo mu 2019 kafukufuku wa PERSEPHONE anapeza kuti miyezi 6 ya trastuzumab imathandiza pafupifupi mofanana ndi miyezi 12. Nditawerenga zimenezo ndinalira, chifukwa ife tinaimira patatsala maulendo anayi okha kuti tifike pamenepo.

Zimenezi sizimveka kwambiri pa intaneti poti palibe amene amazitsatsa malonda. Koma WHO imati mu 2022 amayi pafupifupi 2.3 miliyoni anapezeka ndi khansayi ndipo 670,000 anamwalira. M'mayiko olemera oposa 90 pa 100 alionse amakhala moyo patatha zaka zisanu, ku India ndi 66, ku South Africa 40. Kusiyana kumeneku sikuchokera pa Enhertu. Kumachokera pa kufika mochedwa, kudikirira zotsatira, ndi kusiya chithandizo panjira. N'chifukwa chake pulogalamu imene WHO inakhazikitsa mu 2021 imafuna kuti mayi adziwe matenda ake pasanathe masiku 60, komanso kuti odwala 80 pa 100 alionse azimaliza chithandizo.

Tsono yankho lanu, achemwali

Musakongole kaye. Ine si dokotala, koma pitani kwa adokotala a amayi ndi mafunso awa: khansayi ili pa siteji yanji (yafalikira kufika pati), ndipo zotsatira za ER ndi PR (zoonetsa ngati chotupa chikukula ndi homoni) komanso za HER2 zikuti chiyani? Ngati sizinayezedwe, ndalama yanu yoyamba ipite pamenepo. Mwina mudzapeza kuti amayi akufunika opaleshoni ndi mapiritsi a homoni, Enhertu osakhudzidwa n'komwe. Mankhwala a Enhertu nawonso si opepuka, ena amawatupitsa mapapo mpaka kuika moyo pachiswe. Ikakhala HER2, funsani za biosimilar wa trastuzumab, za kuyeza mtima asanayambe, komanso ngati miyezi 6 ingawakwanire. Funsaninso ngati pali pulogalamu yothandiza odwala kapena kafukufuku amene angalowemo. Musagule mankhwalawa kwa anthu a pa intaneti, amafunika kusungidwa m'firiji ndipo achinyengo alipo. Chithandizo chimene ayamba kale asachidukize podikirira china.

Zotsatira zikatuluka mundilemberenso, tidzaliwerengere limodzi pepalalo musanabwerere kwa adokotala.